Ulendo wa Pansi m'Nkhalango Yotetezedwa ya ku Switzerland

Kum'mawa kwa dziko la Switzerland, ku Ulaya, kuli chigwa chachitali chotchedwa Engadin. Pamwamba pa chigwachi, kufupi ndi malire a Italy, pali nkhalango ya Boma imene inakhazikitsidwa pa 1 Ogasiti 1914. Ndiyo yakale kuposa zonse za m'mapiri a Alps. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 170, ndipo yonse ili m'mapiri: malo ake otsika ali pa mamita 1,400, pamene nsonga ya Piz Pisoc ipitirira pang'ono Sapitwa wa ku Mulanje. Kulowamo sikulipiritsa ndalama, komatu malamulo ake ndi ouma, kotero kuti mlendo wosawadziwa angathe kubwezedwa ulendo usanayambe.

Malamulowa ali ndi chifukwa chake. Kale mapiri amenewa anali ogwiragwira. Anthu anadula mitengo yambiri nkuotcha makala osungunulira chitsulo, ndipo kufikira lero malo ena atchedwa Il Fuorn, ndiko kunena ng'anjo m'chinenero cha eni dera, cha Romansh. Alenje nawo anatha nyama. Chimbalangondo chotsiriza cha nthawi imeneyo anachiombera mu 1904 ku Val S-charl. Poona izi, anthu ophunzira za chilengedwe, motsogozedwa ndi Paul Sarasin wa ku Basel, anapangana ndi mudzi wa Zernez mu 1909 kuti abwereke chigwa cha Cluozza. Cholinga chao chinali kusiya malowo osawakhudza konse, kuti aone chimene tchire lichita lokha munthu akachotsapo dzanja. Chifukwa chake mtengo ukagwa ausiya uwolere pomwepo, ndipo nyama ikafa idyedwa ndi zinzake. Akatswiri akhala akuyesa ndi kulemba zosinthazi kwa zaka zoposa 100, tsono phazi limodzi loponda posayenera lingathe kusokoneza ntchito yao.

Lamulo lalikulu ndilo lakuti mlendo asapatuke m'njira. Njira zololedwa zonse pamodzi zikwana makilomita 100, ndipo wofuna kukhala pansi kuti adye kamba wake ayenera kufika pa malo opumulira amene anazikapo zikhomo zachikasu. Kuthyola duwa, kutola mwala, bowa kapena nyanga yogwa nkoletsedwa. Kusonkha moto, kumanga tenti, kusamba m'mitsinje, kukwera njinga ndi kuulutsa tindege tojambula nkoletsedwanso. Galu saloledwa ngakhale ali pa chingwe. Alonda a nkhalango ayendera njirazi, ndipo wophwanya lamulo alipira chindapusa.

Lamulo la njirali lioneka lovuta, koma ndilo lithandiza mlendo yemweyo. Nyama zinazolowera kuti munthu amadzera pamodzimodzi masiku onse, tsono sizithawa. Mbawala zazikulu zofiira, zimene kwina zibisala usana wonse, kuno zidya poyera dzuwa likuswa mtengo.

Chinthu choyamba kuganizira ndicho nyengo. Nthawi ya chisanu nkhalangoyi imatsekedwa, pakuti chipale chofewa chimakwirira njira ndipo chimagumuka m'mapiri. Nyamanso pa nthawiyo zimakhala ndi njala, ndipo kuzithamangitsa nkuzipha. Miyezi yoyendera ndi kuyambira Juni kufikira Okutobala, ngakhale njira zapamwamba zimachedwa kutsegulidwa. Wokonda maluwa apite kumapeto kwa Juni kapena mu Julayi. Wofuna nyama adikire kumapeto kwa Seputembala nkupita ku chigwa cha Trupchun, polowera ku mudzi wa S-chanf. Pamenepo atonde a mbawala zija amabangula ndi kulimbana polimbirana zazikazi, mawu ao nkumveka chigwa chonse. Anthu amachuluka masiku amenewo, ndipo wochedwa kudzuka apeza njira itadzaza.

Chachiwiri ndicho kogona. M'kati mwa nkhalango yonse muli malo awiri okha: hotela ya Il Fuorn imene ili pa msewu, ndi nyumba yamitengo ya Chamanna Cluozza imene inamangidwa mu 1910. Ku Cluozza kulibe msewu. Munthu ayenda pansi maola atatu kapena kuposa kuchokera ku Zernez, chikwezachikweza. Malo ake ndi ochepa, choncho ayenera kusungitsa bedi asananyamuke. Wongofika madzulo osalembetsa alibe pothawira, popeza kugona panja nkosaloledwa, ngakhale m'galimoto pa malo oimikapo. Alendo ambiri amagona m'midzi yozungulira monga Zernez, S-chanf ndi Scuol, nalowa m'mamawa ndi kutuluka madzulo.

Za kayendedwe sizivuta. Sitima ya pamtunda yochokera ku Zurich ifika ku Zernez posinthira ku Landquart, ndipo mabasi achikasu a positi amadutsa pakati pa nkhalango pa msewu wa Ofenpass, naima poyambira njira. Nkwanzeru kulemba nthawi ya basi yomaliza. Ku Zernez kuli nyumba ya alendo imene inatsegulidwa mu 2008, kumene amagulitsa mapu ndi kuuza anthu njira zimene zatsekedwa tsiku limenelo.

Posankha njira munthu ayese mphamvu zake moona. Zikwangwani zimalemba maola, osati mtunda, chifukwa makilomita asanu a phiri safanana ndi a m'dambo. Utoto wa pa miyala nawo uli ndi tanthauzo. Mzere wofiira pakati pa yoyera iwiri usonyeza njira ya m'phiri yofuna nsapato zolimba. Mzere wobiriwira ngati thambo pakati pa yoyera usonyeza njira yoopsa, monga yokwera Piz Quattervals, imene ili ya ozolowera okha. Wa ana kapena aphunzitsi otsogolera gulu achita bwino kutenga njira ya Margunet, ya maola atatu, yodzera ku chigwa cha Stabelchod. Kumeneko ndiko anamasulira miimba yandevu mu 1991, itatha kale m'mapiri onse a Alps chifukwa anthu ankainamizira kuti imaba ana a nkhosa, chonsecho chakudya chake chachikulu ndi mafupa. Mbuzi zakutchire za nyanga zazitali nazonso zinachita kubwezedwamo mu 1920.

M'thumba muyenera kukhala madzi, chakudya, chovala chamvula, juzi yofunda, chipewa cha dzuwa, ndi kathumba kobwezera zinyalala. Magalasi oonera patali asaiwalike, pakuti wosaloledwa kuyandikira nyama aziona ndi amenewo. Popanda iwo, timbira ta m'mapiri totchedwa marmot amangotimva kuimba mluzu. M'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti mvula ya ziphaliwali imakonda kugwa masana, ndipo pamwamba pangagwe chipale ngakhale m'nyengo yotentha. Wonyamuka m'bandakucha amakhala atatsika kale pa mtunda woonekera mitambo isanasonkhane. Foni simagwira m'zigwa zina, choncho asananyamuke auze a pa malo ogona njira imene atenge ndi ola limene ayembekeza kubwerera. Pakagwa ngozi, nambala ya ndege zopulumutsa anthu m'mapiri a dzikolo ndi 1414.