Mizere ya m'Sopo Wopanga Pakhomo

Ku Chinyonga kuno, kuseri kwa nyumba yanga, akhala amai ena amasiye amene alera ana atatu ndi nchito ya manja ao. Iwo apanga sopo pakhomo, namdula mitanda, nakamgulitsa ku msika wa Limbe, masiku ena ku Ndirande. Mmawa wina wa mwezi wa Julayi anandiitana pa mpanda, nati, "Aphunzitsi, tabwerani mudzaone. Sopo wanga andilodzera." Ndinapita, ndipo ndinapeza mitanda yonse iri ndi mizere yoyera ndi maanga, monga nyama ya ng'ombe yonona. Amaiwo anali ndi nkhawa ndithu, pakuti ndalama zao za mwezi umenewo zinalowa m'mafuta ndi soda, ndipo sopo wamaanga anthu samgula msanga.

Panalibe ufiti pamenepo, ana inu. Mzere uli wonse wa m'sopo uli ndi cifukwa cace, ndipo munthu wodziwa kuuyang'ana anena msanga pamene panalakwika. Mizere yambiri iipitsa maonekedwe okha. Koma ulipo mtundu umodzi umene uocha khungu, ndipo umenewo ndifuna kuti muudziwe bwino, pakuti ndinu amene mutumidwa kukagula sopo, ndiponso ndinu musambitsa ang'ono anu.

Poyamba tione umo sopo apangikira. Mudziwa nonse kuti mafuta ndi madzi sizigwirizana. Mukathira mafuta m'madzi, ayandama pamwamba. Cimene cizigwirizanitsa ndi soda woocha, amene anthu amucha kositiki. Ameneyu si soda uja amai anu athira m'therere iai. Ali ngati mbale wace wa cidulo, cimene agogo anu apanga pothira madzi m'phulusa, koma mphamvu yace iposa ya cidulo kutalitali. Munthu amene anazindikira bwino cimene soda acita ndi mafuta ndiye Michel Eugène Chevreul wa ku France, amene anasindikiza buku lace la za mafuta m'caka ca 1823, nakhala ndi moyo kufikira zaka 102. Iye anaonetsa kuti soda aphwanya mafuta pawiri. Gawo lalikulu ligwirana ndi sodayo, nilisanduka sopo. Gawo laling'ono ndilo gilisalini, yemwe uja mudzola m'miyendo nyengo yacisanu kuti isacite mbuu.

Anthu ena aphika sopo pamoto kufikira wapsa. Koma amai aja atsata njira yosaphika. Asungunula soda m'madzi, nadikira kuti madziwo apole, pakuti soda akalowa m'madzi, madziwo atentha okha pafupi kuwira. Tsono awathira m'mafuta ofunda, natakasa ndi mthiko kufikira zonse zalimba ngati phala la mwana, nathira m'cikombole, nafundika. M'cikombolemo nchito ipitirira yokha, tsiku limodzi kapena awiri, popanda moto. Njira imeneyi isunga nkhuni ndi makala, koma siicitira cifundo munthu wosasamala. Mafuta ali onse afuna muyeso wace wa soda: kilogalamu imodzi ya mafuta a mtedza kapena a mpendadzuwa ifuna magalamu ngati 135, ya mafuta a ng'ombe kapena a mawese a ku Karonga ifuna ngati 140, koma ya kokonati ipitirira 180. Ocenjera acepetsako soda pang'ono pa muyeso umenewo, kuti cotsala m'sopo cikhale mafuta, osati soda. Cifukwa cace sopo ayesedwa pa sikelo. Kapu ndi supuni zinamiza.

Tsopano tibwerere ku mitanda ya amai aja. Coyamba cimene ndinaona cinali fumbi loyera pamwamba pa sopo, longa ufa wowazika. Limeneli silibvuta. Pamene sopo akali wofewa, soda wa pamwamba akomana ndi mpweya uja titulutsa popuma, umene utulukanso pamoto, ndipo asanduka mcere wina woyera wopanda ukali wambiri. Mukapukuta ndi nsaru yonyowa licoka. Munthu akaphimba cikombole ndi pepala la pulasitiki atangothira, fumbilo licepa.

Koma mizere ya m'kati inali nkhani yina, ndipo mwini wace anali ciperoni. Sabata imeneyo mphepo yozizira ija icokera ku Mozambique inali kuomba, ndi mvula yowaza, ndipo amaiwo anapangira sopo pa khonde, mbandakuca. Anasakaniza mafuta a ng'ombe ndi a mpendadzuwa. Tsono mafuta a ng'ombe, monga mwaona m'mbale ya ndiwo yogona, aundana msanga akazizira. Kuti akhale osungunuka afuna kufunda koposa thupi la munthu, madigiri 40 ndi kupitirirapo. Pamene madzi a soda ozizira anagwera m'menemo, gawo lolimba la mafuta linayamba kuundana lokha, timibulu ndi tiulusi, ndipo mthiko unangotikoka, nutisiya ngati mizere. Mafuta a mawese acita comweco, makamaka munthu akatapa pamwamba pa cigubu osayamba wasungunula onse ndi kubvundula, pakuti gawo lolimba likhala pansi. Mizere yotere ikhala yosalala ngati kandulo, ndipo mukaipala ndi mpeni ituluka yofewa. Siocha munthu. Sopo wace acapa bwino lomwe, angakhale saoneka bwino.

Cisanu cikadalekera pomwepo, bwenzi nkhani itatha. Koma cisanu cinyenganso wotakasa, ndipo apa ndipo pali ngozi. Wopanga sopo aleka kutakasa akaona kuti zalimba ngati phala, ndi kuti dontho logwa ku mthiko lisiya mkwasa pamwamba. Ico ndico cizindikiro cakuti soda ndi mafuta zagwirana, sizidzalekananso. Koma mafuta oundana ndi cisanu alimbitsanso phalalo, soda asanagwire nchito yace. Munthu ayesa kuti watha, nathira m'cikombole, nakondwa kuti lero nchito yafulumira. Usiku sopo afunda yekha, mafuta aja asungunukanso, ndipo madzi a soda, pokhala olemera, atsikira pansi kapena abisala m'timaenje m'kati mwa sopo.

Ndinapempha amaiwo kuti atembenuze mitanda tione kunsi kwace. Ya m'zikombole zoyamba inali bwino. Koma ya m'cikombole cotsiriza, m'mene anathira zokokota za pansi pa ndowa, inali ndi mizere yoyera ya mtundu wina, youma gwa, yofumbutuka ngati coko ca m'kalasi. Ndipo podula mtanda umodzi tinapeza kadzenje kodontha madzi oterera. Madzi amenewo ndi soda weniweni. Sopo wotere akafika pa thupi la khanda asupula khungu, ndipo akalowa m'diso angathe kuliononga osacira. Mizere imeneyi ibweranso munthu akacurukitsa soda, kapena akathira madzi a soda m'mafuta timibulu tace tisanasungunuke tonse.

Penyetsetsani tsono kusiyana kwace. Mzere wa mafuta ndi wosalala ndi wofewa. Mzere wa soda ndi wouma, wofumbutuka, nthawi zina unyezimira ngati mcere, ndipo sopo yense aphwanyika podula m'malo moti mpeni upite bwino. Alipo akulu amene alawa sopo ndi nsonga ya lilime kuti amve ngati aluma. Inu musayese konse zimenezo. Kuli timapepala toyesera ukali, timene tisintha maonekedwe tikakhudza thobvu: sopo wabwino aonetsa 9 kapena 10, koma wotsala soda akwera kunka ku 12 ndi kupitirira. Mukaona mtanda wokayikitsa, musaugwire ndi manja. Kaitaneni munthu wamkulu.

Ndipo popeza tafika pa ukali wa soda, imvani icinso. Madzi a soda aoneka ngati madzi akumwa, ndipo alibe pfungo lakucenjeza munthu. Ana ambiri m'maiko a Afirika apsa kukhosi cifukwa ca kumwa madzi otere, amene wina anasiya m'botolo la zakumwa kapena m'kapu. Musamwe kanthu kali konse mwapeza pamalo popangira sopo. Soda akagwera pa khungu kapena m'diso, tsukani pomwepo ndi madzi ambiri oyenda, mphindi 20 osaleka, ndipo pitani ku cipatala. Mwana akamwa, musamsanzitse iai, cifukwa sodayo aocha kaciwiri pobwerera. Thamangani naye, pakuti ife a ku Chinyonga cipatala cacikuru ca Queen Elizabeth ciri pafupi. Wopanga sopo abvale magolovesi, achinjirize maso, ndipo athire soda m'madzi pang'onopang'ono. Kuthira madzi pa soda ndiko kumdumphitsira kumaso.

Amai aja anandifunsa, nati, "Nanga nditaye wonse?" Ndinati iai. Popeza anayesa bwino pa sikelo, ndipo colakwa cinali kutakasa kokha, soda ndi mafuta zinalipo zokwanirana, koma zinakhala padera. Tsono anabvala magolovesi, napala sopo yense wa tsiku limenelo, pamodzi ndi madzi odontha aja, nathirako madzi pang'ono, naika pa moto wa makala wocepa, natakasa kufikira zonse zasungunuka ndi kukhala cinthu cimodzi. Sopo wobwereza pamoto sakhala wosalala bwino, koma ukali utha. Kukadakhala kuti sanadziwe soda anathira wocuruka bwanji, ndikadawauza kuti akwirire m'dzenje lakuya, kumene mwana kapena nkhuku sizifika. Kutaya mafuta kuwawa, koma kugulitsa sopo woocha kwa mnansi ndi cinthu coipa, ndipo mnansiyo sabweranso.

Dzuwa nalo liri ndi mizere yace. M'mwezi wa Okutobala, pamene madenga a malata a ku Bangwe ndi Zingwangwa atentha ngati ciwaya, sopo wa m'cikombole afunda kopitirira, makamaka ngati mwini wace wamfundika mabulangete monga anazolowera mu Juni, kapena anacurukitsa madzi. Pozizira pang'onopang'ono, sopo auma mosiyana, ndipo muoneka timizere toonekera ngati galasi, tokhotakhota ngati mitsinje ya pa mapu. Opanga sopo aticha mitsinje ya gilisalini. Tioneka kwambiri m'sopo wothira utoto woyera. Sitiocha munthu, ndipo ine ndiona ngati tikometsa sopo, koma ogula a pa msika saganiza monga ine. Mankhwala ace ndi kucepetsako madzi ndi kuika cikombole pa mthunzi popita mphepo. Nthawi zinanso pakati pa mtanda pakhala bwalo loderako, m'mphepete muli moyera. Kumeneko ndi kufunda kumene kunayamba pakati koma sikunafike m'mbali, ndipo kulibe kanthu.

Ciwiya cimene munthu atakasiramo cithanso kudetsa sopo. Soda adya aluminiyamu, ndipo miphika yambiri ya m'makhicini mwathu ndi ya aluminiyamu. Mukathiramo madzi a soda mucita thobvu, mutuluka mpweya woyaka moto, mphika ucita mabowo, ndipo sopo atuluka ndi mizere yotuwa kapena yakuda. Ndowa za malata nazo sizifunika. Ndowa yolimba ya pulasitiki ndiyo yabwino, ndi mthiko wace wa sopo wokha, wosabwerera ku nsima.

Mtundu wotsiriza ucedwa kuoneka. Sopo wa njira yosaphika ayenera kukhala pa thandala masabata anai kufikira asanu ndi limodzi, mitanda yotalikirana, kuti madzi acoke, alimbe, asasungunuke msanga pocapa. M'masabata amenewo, kapena m'miyezi yotsatira, pena pabuka maanga ofiirira ngati dzimbiri, ndi pfungo la mafuta ogona. Ndiwo mafuta otsala m'sopo amene ayamba kubvunda. Abwera kawirikawiri munthu akapangira mafuta akale, kapena aja akazingira cipisi kambirimbiri, amene agulidwa mochipa. Abweranso sopo akaumira pa malata adzimbiri, pa dzuwa, kapena m'cipinda cacinyezi nyengo yadzinja. Sopo wace saocha, koma ayenera zobvala zokha, pakuti palibe afuna kusamba pfungo limenelo.

Amai aja tsopano apangira sopo m'nyumba, masana, dzuwa litakwera. Asanasakanize agwira kunja kwa ndowa zonse ziwiri, ya mafuta ndi ya madzi a soda, kuti amve ngati zafunda mofanana. Ndipo phala likalimba msanga koposa masiku onse, sakondwa, koma aika ndowayo m'beseni la madzi ofunda, napitiriza kutakasa. Sopo wa mizere ya mafuta uja anamgulitsa mochipako kwa amai ocapa, atawauza cifukwa ca mizereyo. Mtanda umodzi anandipatsa ine, ndipo ndinacapira malaya anga a ku sukulu kufikira mwezi wa Seputembala.