Damu Likamatulutsa Matope, Musangodutsa

Anzanga, mukukumbuka Januwale 2022? Namondwe wa Ana atadzaza Shire, madzi anagumula mbali ina ya damu la Kapichira ku Chikwawa. Makina a EGENCO anaima, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo anadzayambanso kugwira ntchito mu 2023.

Kumeneko anali madzi osefukira. Koma damu limathanso kuonongeka mwakachetechete, dzuwa likuswa mtengo. Madamu ambiri adothi, ngakhale ang'onoang'ono othirira mbewu, ali ndi paipi yotulutsira madzi yodutsa pansi pa khoma. Paipiyo ikachita dzimbiri kapena ming'alu, madzi amayamba kuyenda kunja kwake, n'kumakokolola dothi pang'onopang'ono. Kunja khoma limaoneka bwinobwino, koma m'kati ngati mtengo wodyedwa ndi chiswe.

N'chifukwa chake mainjiniya amayendera mapaipiwa, makamaka m'chilimwe madzi akachepa. Amatseka geti kuti paipi iphwe, n'kuunika m'kati. Ikakhala yaing'ono yosalowa munthu, amalowetsamo kamera. Amachotsa mchenga, zitsa ndi zinyalala, ming'alu n'kuimata. Paipi ikaonongeka kwambiri, amalowetsa yatsopano m'kati mwa yakaleyo, mpata wotsala n'kuthiramo simenti.

Nanga ife? Timadutsa pamadamu popita kusukulu kapena kokadyetsa mbuzi. Mukaona madzi amatope akutuluka m'mbali mwa paipi, kapena dothi litatitimira pamwamba pa khoma, ndiye kuti damulo likudyeka. Osasewerapo ayi! Thamangani mukauze amfumu kapena a komiti. Paja kumunsi kwa damu kuli minda ndi nyumba zathu zomwe.