Ndere zaciwindi za pa phiri la Mulanje: mitundu yake ndi kagawidwe kake

Aphunzitsi anzathu, mukafunsa ana kuti zobiriwira zomera pamwala wa kumtsinje, pakhoma la citsime kapena pakhungwa la mtengo n'ciyani, onse ayankha kuti ndi ndere. Sanalakwe. Koma m'Cipwitikizi mau amodziwa amagawika pasanu: algas, líquenes, musgos, antóceros ndi hepáticas. Mwana amene waloweza maina asanuwa asanaone kusiyana kwake ndi maso amangowabwereza pa mayeso, kenaka n'kuwaiwala. Nkhani ino ikufotokoza gulu limodzi lokha, la hepáticas, potengera phiri la Mulanje ku Malawi, limene anzathu a ku Milange amaliona tsiku ndi tsiku kutsidya kwa mtsinje wa Muloza.

Kodi hepáticas n'ciyani?

Dzinali linacokera ku mau a Cigiriki otanthauza ciwindi, omwenso anabala dzina la matenda a hepatite. Anthu akale a ku Ulaya ankaona kuti zina mwa zomerazi zili ndi maonekedwe a ciwindi, ndipo ankakhulupirira kuti zimaciza matenda a ciwindi. M'nkhani ino tizizichula kuti ndere zaciwindi.

Ndi zomera zenizeni, zopanga cakudya cake ndi kuwala kwa dzuwa. Zilibe maluwa, zipatso kapena mizu. Zimangogwirira pamwala kapena pakhungwa ndi tiulusi tosalimba, ndipo madzi zimamwa ndi thupi lonse. Zimafalikira ndi timbewu tonga fumbi touluka ndi mphepo. Kuti timbewuti tipangidwe, mbeu yacimuna imayenera kusambira m'kadontho ka madzi kufikira itapeza dzira. N'cifukwa cake zimaculuka pamalo a cinyezi. Mndandanda wa dziko lonse umene asayansi anatulutsa mu 2016 uli ndi mitundu yoposa 7,000.

Abale ake apafupi ndi musgos ndi antóceros. Algas ndi gulu lina, ndipo líquenes si zomera n'komwe: ndi nkhungu ya mtundu wa bowa yokhalira limodzi ndi algas.

Dzina lililonse lili ndi mfunda

Kuyambira mu 1753, pamene Carl Linnaeus wa ku Sweden anasindikiza buku lake la maina a zomera, mtundu uliwonse umapatsidwa dzina la mau awiri m'Cilatini. Ana amamva msanga mukawayerekezera ndi mfunda. Mu dzina lakuti Marchantia polymorpha, mau oyamba ali ngati Phiri kapena Banda, aciwiri ali ngati dzina la mwana. Asayansi amayamba ndi mfunda, umene m'Cipwitikizi amati género.

Cenjerani pamenepa. Kwathu banja ndi laling'ono ndipo mfunda ndi waukulu, koma m'sayansi zili mosemphana: família imasonkhanitsa mifunda ingapo. Mukapanda kuwauza ana poyera, iwo amasanja zinthu monga adziwira kunyumba, n'kulakwa pamene anaganiza bwino.

Magulu atatu

Masiku ano ndere zaciwindi zimagawidwa m'magulu akuluakulu atatu.

Loyamba, Haplomitriopsida, lili ndi mitundu yocepa kwambiri, ndipo m'kalasi mungangolichula dzina.

Laciwiri ndi Marchantiopsida. Izi zilibe tsinde kapena masamba. Thupi lake ndi lophwaphwatika, lonenepa, loyala pansi n'kumagawika pawiripawiri. Marchantia imadziwika ndi timaambulera timene imaimika ikamabereka, komanso ndi tizikho tokhala pamsana pake. M'tizikhomo muli tizidutswa tobiriwira, ndipo dontho la mvula likagweramo limatimwaza, kacidutswa kalikonse n'kuyamba comera catsopano. Riccia imayala timikombero tocepa ngati ndalama yacitsulo panthaka yopanda udzu.

Lacitatu, Jungermanniopsida, ndilo lalikulu: mwa mitundu inayi iliyonse, yoposa itatu ili m'gulu limeneli. Zambiri zili ndi katsinde ndi timasamba, moti munthu angaziyese musgos. Muli Plagiochila, Frullania, Radula, Bazzania, Herbertus ndi banja la Lejeuneaceae, limene ndi lalikulu kuposa onse, lokhala ndi mitundu yoposa 1,000, yambiri ya m'maiko otentha. Koma mulinso zina zopanda masamba, zathupi lopyapyala ngati kansalu, monga Metzgeria ndi Riccardia.

Poyang'ana maonekedwe okha, munthu angazigawe pawiri, zoyala ndi zamasamba. Asayansi atayamba kuyerekeza DNA, anatsimikiza kuti Metzgeria, ngakhale ndi yoyala, ndi mbale wa zamasamba kuposa m'mene ilili ndi Marchantia. Ana athu amadziwa kale kuti kufanana nkhope si cibale, ndipo apa ndi pamalo pabwino powaonetsa kuti kagawidwe ka sayansi kamasintha umboni watsopano ukapezeka.

Tikwere phiri

Nsonga ya Mulanje, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Mphepo yocokera ku nyanja ya Indian ikafika paphiripo imakwera, n'kuzizira, n'kusanduka cifunga ndi mvula. Mbali ya kumwera ndi kum'mawa, yoyang'ana kwathu kuno, imanyowa kwambiri, pamene mbali ya ku Phalombe ndi youma. Ngakhale m'miyezi yozizira, mvula italeka kwina konse, kumagwa mvula yowaza ija a ku Malawi amati ciperoni, potengera dzina la phiri lathu la Chiperone ku Zambézia. Kutalika kwa phiri ndi kusiyana kwa cinyezi kumapanga malo ambiri osiyana pa mtunda waufupi, ndipo malo alionse ali ndi ndere zake. Kakhalidwe kotsatiraka n'kamene kamaoneka pamapiri a cifunga a kuno kum'mawa ndi kumwera kwa Africa.

M'tsinde mwa phiri mumakhala zopirira cilala. Riccia imaoneka mvula zoyamba zikagwa, n'kufota cilimwe. M'mbali mwa njira ndi mwa ngalande mumapezeka Marchantia ndi abale ake. Pakhungwa la mitengo ya m'nkhalango zouma pamamatirira Frullania, yofiirira kapena yoderako, imene pansi pa tsamba lililonse ili ndi kathumba konga kamphika kosunga madzi.

M'zigwembe za mitsinje, momwe mitengo siyoyola masamba ndipo dzuwa sililowa, mitundu imaculuka mwadzidzidzi. Dumortiera, yobiriwira moderako, imayala pamiyala yonyowa pafupi ndi mathithi. Plagiochila imaima pamakungwa ngati nthenga. Cocititsa cidwi n'cakuti timitundu ta Lejeuneaceae, monga Cololejeunea, timamera pamwamba pa masamba amoyo a mitengo, ndipo tsamba limodzi lingakhale ndi mitundu ingapo. Izi zimafuna mpweya wonyowa pafupifupi caka conse.

M'nkhalango zapamwamba, momwe cifunga cimagona, nthambi zimavala ndere zocindikala. Kumeneko ndi kwawo kwa Bazzania, imene timasamba take timathera ndi timano titatu, ndi Herbertus, yofiira ngati njerwa, yamasamba ong'ambika pawiri. Kupitirira nkhalango, pamatanthwe owombedwa ndi dzuwa masana ndi cisanu usiku, mitundu imacepanso, n'kumabisala m'ming'alu ndi m'mphepete mwa timitsinje.

Zimenezi timazidziwa bwanji?

Mu 1991 gulu la akatswiri a bungwe la British Bryological Society linakhala pa Mulanje kutola ndere. Kuzindikira zimene anatolazo kunatenga zaka zambiri, ndipo mitundu yoculuka inalembedwa koyamba m'dziko la Malawi. Nchitoyi ndi yocedwa cifukwa mitundu yambiri imasiyana pa tinthu toonekera pa maikulosikopu pokha: kapangidwe ka maselo, kapena timadontho tamafuta ta m'maselomo, timene timapezeka mu ndere zaciwindi zokha ndipo timatha comeraco cikauma.

Mulanje sali yekha. Ali m'mndandanda umodzi ndi Chiperone, Mabu ndi Namuli, mapiri oima ngati zilumba za cinyezi pakati pa zigwa zotentha. Mapiri a mbali yathu sanafufuzidwe ndere zake mofanana ndi Mulanje. Nkhalango ikadulidwa kuti ikhale makala kapena munda, kapena moto ukalowamo, mthunzi umatha ndipo mpweya umauma. Zoyamba kutha ndi zija zomera pamasamba, mwina zisanalembedwe n'komwe. Kutayikako kumakhudzanso madzi. Katswiri wa ku Hungary, Tamás Pócs, anaonetsa pamapiri a Uluguru ku Tanzania kuti ndere zapamitengo ya m'nkhalango za cifunga zimagwira madzi ambiri a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono.

M'kalasi mwanu

Simufunika kukwera Sapitwa. Amene muli ku Angónia muli ndi phiri la Dómuè ndi madambo ake, ndipo pafupi ndi sukulu iliyonse pali citsime, ngalande kapena mtengo wa mango wakale. Nthawi yabwino ndi ya dzinja. Tengani lupa ngati ilipo, ndipo ana afunse mafunso atatu.

Coyamba: kodi thupi lake ndi loyala lopanda masamba, kapena lili ndi katsinde ndi timasamba?

Caciwiri: ngati lili ndi timasamba, kodi tandandalika m'mizere iwiri, kumanzere ndi kumanja, mophwaphwatika? Nanga pakati pa tsamba pali msempha? Ndere zaciwindi zimakhala ndi mizere iwiri, nthawi zambiri ndi mzere wacitatu wa timasamba tating'ono kunsi, ndipo zilibe msempha. Musgos zambiri zili ndi masamba ozungulira tsinde lonse, osongoka, okhala ndi msempha.

Cacitatu: kodi kabotolo ka timbewu kaima pa ciyani? Mu ndere zaciwindi zamasamba kamaima pa kaphesi koyera, kofewa, kofota m'masiku ocepa, ndipo kamang'ambika panayi ngati mtanda. Mu musgos kaphesi ndi kolimba ngati waya, ndipo kabotolo ka zambiri kali ndi civundikiro.

Ana atole kacidutswa kocepa ngati cikhadabo, zotsalazo azisiye zikule. Aike m'pepala lopindidwa, osati m'pulasitiki momwe zimaola, ndipo alembe tsiku, malo ndi cimene zinamerapo: mwala, nthaka, khungwa kapena tsamba. Zikauma, dontho la madzi limazibwezera maonekedwe ake, moti mungazigwiritse nchito caka conse.

Asanamve dzina la Cipwitikizi, aloleni asanje zimene atolazo m'magulu ndi kuzicha maina m'Cinyanja: zamaambulera, zatimiphika, zanthenga. Gulu lililonse lifotokoze cifukwa cimene lasanjira motero, ena atsutse. Kenaka lembani pabolodi hepáticas ndi musgos pafupi ndi maina awowo. Muwatumenso akafunse agogo awo ngati kumudzi kuli maina ena osiyanitsa ndere za m'madzi, za pamwala ndi za pamtengo. Maina amene abwere nawo muwalembe m'kope la sukulu pamodzi ndi dera limene acokera, cifukwa a ku Milange, a ku Angónia ndi a ku Lago sangachule zonse mofanana, ndipo tikadzakumana pa maphunziro a aphunzitsi tidzakhala ndi poyambira posankha mau oti tiphunzitsire.