Kodi Mumadziwa? Imfa za m'Mabuku a ku Russia Zikafika pa Kanema

Alembi akale a ku Russia ankalowa m'maganizo a munthu amene akutsirizika n'kutifotokozera mantha ake onse. Kamera payokha singaone za mumtima, choncho wopanga filimu aliyense amasankha yekha choti ationetse. Zosankha zawozo n'zochititsa chidwi.

• Kodi mumadziwa kuti imfa ya Anna Karenina inachokera pa tsoka lenileni? Mu 1872 mayi wina wa pafupi ndi kwawo kwa Leo Tolstoy anadziponya pansi pa sitima, ndipo Tolstoy anapita kukaona mtembo wake. Buku lake lathunthu la Anna Karenina linatuluka mu 1878.

• Filimu yopanda mawu ya mu 1927 yotchedwa Love, momwe Greta Garbo anasewera ngati Anna, anaipangira mathero awiri. M'mathero ena Anna amafa. M'mathero ena, amene anakonzera oonera a ku America, mwamuna wake Karenin ndiye amamwalira, Anna n'kubwererana ndi chibwenzi chake Vronsky.

• Mu 1935 Garbo anaseweranso Anna. Ulendo uno imfa inalipo, koma mtembo sauonetsa. Timaona nkhope yake ili njo pamene kuwala kwa mabogi odutsa kukuthwanima pamaso pake. Nkhope yokhayo ikukwanira kutiuza zonse.

• M'buku nkhani sithera panjanji. Pali gawo lachisanu ndi chitatu, momwe Levin, mmodzi wa anthu a m'bukuli, akulimbana ndi funso loti munthu amakhaliranji ndi moyo ngati mapeto ake ndi manda. Mafilimu ambiri amalifupikitsa gawoli kapena kulisiya, pamenepo n'kutaya funso limene linkamusowetsa tulo Tolstoy.

• Sergei Bondarchuk, amene anapanga War and Peace ya maola pafupifupi 7 (1966 mpaka 1967), anadwala mtima kawiri ntchito ili mkati. Filimuyi inapata mphoto ya Oscar mu 1969. Andrei, mmodzi wa anthu a m'filimuyi, atagwa ndi bala kunkhondo ya ku Austerlitz, phokoso la mfuti limazilala, kamera n'kutembenukira kumitambo kuti tione zimene iye akuona.

• Mu Doctor Zhivago ya David Lean (1965), Yuri Zhivago amaona wokondedwa wake Lara akuyenda mumsewu, n'kutsika m'sitima yamagetsi kuti amuthamangire, koma mtima umaima asanamupeze. Boris Pasternak, mlembi wa bukulo, sanalembe choncho. M'buku Yuri amatsika chifukwa chobanika, n'kugwera pamsewu popanda Lara. Filimu inasandutsa imfa ya munthu wosweka ndi nyengo yake kukhala imfa ya chikondi.

• Tolstoy mwiniyo anamwalira mu 1910 m'nyumba ya mkulu wa siteshoni ya sitima ku Astapovo, ali ndi zaka 82. Ojambula kanema anali panja, ndipo maliro ake ku Yasnaya Polyana anajambulidwanso.

• Imodzi mwa mafilimu amene anamvetsa bwino Tolstoy ndi ya ku Japan. Ikiru ya Akira Kurosawa (1952) inatenga nzeru m'buku la Tolstoy la The Death of Ivan Ilyich la mu 1886. Watanabe, mkulu wa mu ofesi ya khonsolo, amapezeka ndi khansa ya m'mimba, n'kuthera miyezi yake yotsala pomangira ana bwalo losewerera. Pamaliro, anzake a kuntchito amaledzera n'kulonjeza kuti atengera chitsanzo chake. Atabwerera ku ofesi, amayambiranso kukankhirana mafayilo monga kale. Kurosawa, monga Tolstoy, akudzudzula ife otsala.