Mbiri ya Dominic Mulaisho pa Wikipedia

Ansenga a ku Petauke ndi Nyimba akawerenga The Tongue of the Dumb, buku la Dominic Mulaisho la mu 1971, amapezamo moyo wa anthu a mtundu wawo. Koma wofuna kukonza mbiri ya mlembiyu pa Wikipedia sangalembe zimene anangomva kwa agogo. Kumeneko amafuna umboni wosindikizidwa, monga buku kapena nyuzipepala.

Zoti Mulaisho anabadwira ku Feira, komwe lero ndi Luangwa, mu 1933, n'kudzakhala gavanala wa Bank of Zambia kuyambira 1992 mpaka 1995, n'zosavuta kutsimikiza. Povuta ndi pa mawu otamanda. Wolemba kuti Mulaisho ankaposa alembi onse ayenera kutchula wopenda mabuku amene anatero, osabisa amene anatsutsa. Akapanda kutero, akonzi anzake amawafufuta mawuwo.