Nthenda yakumtundu, koma mtundu wa yani?

Amene anayamba kumwa ma ARV pa kiliniki ya Tisungane pachipatala chachikulu cha Zomba kuyambira mu 2004 akukumbukira Triomune. Mankhwalawa anadzutsa anthu ambiri amene achibale anali atawataya kale mtima. Komabe ena ankamva dzanzi ndi kutentha kumapazi, ena masaya ankawalowa. Chimene chinkachititsa zimenezi ndi stavudine, amene anali m'mbulu womwewo, ndipo dziko lino linayamba kumusiya mu 2011.

Kuti timvetse bwino tiyambe ndi selo. M'maselo a thupi muli timagawo totchedwa mitochondria, tomwe tili ngati mafuwa: ndi pamene nsima imene tadya imasanduka mphamvu. Timagawoti tili ndi DNA yakeyake, ndipo ntchito yoichulukitsa ndi kuikonza imagwiridwa ndi enzaimu yotchedwa polymerase gamma. Stavudine amasokoneza enzaimuyi, choncho moto umazilala, ndipo ziwalo zofuna mphamvu zambiri monga mitsempha ndi chiwindi zimayamba kuvutika.

Pali ana ena amene amabadwa enzaimu yomweyi ili yolakwika kale. Malangizo oipangira ali mu jini yotchedwa POLG, pa kromozomu 15. Mu 2004 akatswiri anapeza kuti kusintha kwa jiniyi ndi kumene kumayambitsa nthenda ya Alpers. Mwana amabadwa bwinobwino, kenaka amayamba kukomoka, kuiwala zimene anaphunzira monga kuyenda, ndipo chiwindi chimafooka. Choopsa china n'chakuti valproate, mankhwala othandiza kwambiri odwala khunyu, akhoza kuwonongeratu chiwindi cha mwana wotere. Mankhwala ochiza nthendayi palibe.

Apa ndi pamene chiyankhulo chathu chimatipusitsa. Tikati nthenda ndi yakumtundu, kuno kumene mtundu timauwerengera kuchikazi, chala chimafulumira kuloza mbumba ya mayi. N'zoona kuti DNA ya m'mitochondria timatengera kwa mayi okha. Koma POLG sikhala m'menemo; imakhala pakati pa selo, pamene bambo ndi mayi amaperekapo aliyense gawo lake. Kuti mwana adwale Alpers, makolo onse awiri ayenera kumupatsa jini yolakwika, pamene eniakewo ali athanzi osadziwa kanthu. Banja lotere, pa mimba iliyonse, mwayi woti mwana adwale ndi 1 mwa 4, ngakhale woyamba atadwala kale.