Brenda Fassie: woimba wa m'komboni amene anagwa nadzukanso

Papita zaka zoposa 20 cimwalirire Brenda Fassie, woimba wochuka wa ku South Africa, koma nyimbo yake ya Vulindlela ikali kumveka pa maukwati ndi pa mawailesi m'maiko a kumwera kwa Africa, kuphatikizapo muno m'Zambia. Ambiri amene amaivina sadziwa kuti inatuluka pa nthawi imene anthu anali kunena kuti mwini wake watha.

Brenda anabadwa pa 3 November 1964 ku Langa, komboni ya anthu akuda pafupi ndi mzinda wa Cape Town. Atate ake anamwalira iye akali wamng'ono. Amai ake, amene anali kudziwa kuliza piyano, anayamba kumuimbitsa pamaso pa alendo odzaona malo kuti banja lipezeko ndalama.

Ali ndi zaka 16, katswiri wojambula nyimbo, a Koloi Lebona, anamutenga kupita naye ku Soweto. Mu 1983, pamodzi ndi gulu la Big Dudes, anatulutsa Weekend Special, nyimbo ya mkazi amene mwamuna amamukumbukira pa mapeto a sabata pokha. Nyimboyi inagulidwa kwambiri ndipo inamveka mpaka kutsidya kwa nyanja.

Cimene cinamusiyanitsa ndi anzake n'cakuti anali kuimba za moyo wa m'komboni monga mwini wake: cikondi, miseche, umphawi ndi nkhanza za boma la tsankho. Pogwira nchito ndi a Sello "Chicco" Twala, anatulutsa Too Late for Mama mu 1989, ndipo mu 1990 inamveka Black President, yolemekeza a Nelson Mandela, zaka 4 iwo asanakhale mtsogoleri wa dzikolo.

Koma kuchuka kunadza ndi mavuto. Ukwati umene anamanga mu 1989 sunakhalitse. Anayamba kugwiritsa nchito mankhwala osokoneza bongo a cocaine, analowa m'nkhongole, ndipo nthawi zina sanali kufika kumene anthu analipira kuti akamuone akuimba. Mu 1995 anapezeka m'hotela ina ku Johannesburg pafupi ndi mtembo wa mnzake wapamtima amene anafa ndi mankhwalawo. Pambuyo pake anapita ku malo othandiza anthu kuleka cizolowezico.

Apa ndipo anabwereranso kwa a Twala, najambula cimbale ca Memeza, cimene cinaposa zimbale zonse pa malonda ku South Africa mu 1998. M'cimbaleci Brenda, amene anayamba kuchuka ndi nyimbo za m'Cingelezi, anaimba kwambiri m'zinenero za kwao. Vulindlela, kutanthauza kuti tsegula njira, ndi nyimbo ya mai wonyadira kuti mwana wake wamwamuna akukwatira, amene akuuza amiseche kuti apatuke. Cipani ca ANC cinaigwiritsa nchito pokopa anthu pa masankho a 1999, ndipo caka comweco Brenda analandira mphoto ya Kora. Mu 2001 magazini ya Time inamucha Madonna wa m'makomboni.

Ngakhale anadzuka pa maimbidwe, cizolowezi ca mankhwala sicinamuleke. Pa 26 April 2004 anakomoka kunyumba kwake ndipo anamuthamangitsira ku cipatala ca Sunninghill ku Johannesburg. A Mandela ndi a Thabo Mbeki, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, anapita kukamuona. Anamwalira pa 9 May asanatsitsimuke, ali ndi zaka 39, ndipo madokotala atapima mtembo anapeza kuti cocaine ndiye anamupha. Anasiya mwana mmodzi, Bongani, amenenso ndi woimba.

Mu 2006 anamuimikira cifanizo ca mkuwa ku Newtown mu Johannesburg. Cifanizoco cimaonetsa MaBrrr, monga anali kumuchulira omukonda, atakhala pa kampando, ndipo pambali pake pali kampando kena kopanda munthu, kuti aliyense wodutsa akhale naye.